Mwini galu wagonekedwa mchipatala, galu wakana kudya ndipo akungolira usiku, mutani?

Kwathu kuno munthu akagonekedwa mchipatala sapita yekha, wina amayenera kukakhala gadiyani, ndiye nyumba imatha kutsala yopanda munthu kapena kutsala ana okhaokha. Za nkhuku anthu amakumbukira, za mayunitsi a magetsi amakumbukira, koma galu amakumbukiridwa pomaliza, pena pa foni munthu ali kale pa wodi, "chonde a neba mundionereko galuyo, ufa wake uli pakhonde". Inu mwavomera poti ndi nkhani ya matenda simungakane, mukuganiza kuti ndi kungoponya nsima madzulo basi. Kufika tsiku lachiwiri galu sanakhudze mbale, wangokhala pageti maso kumsewu, usiku akulira moti anthu mbali zonse sakugona, ndipo mukati muyandikire akudzuma nkukuonetsani mano.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndithu, ndipo agalu ambiri amasowa kapena kudwala pa nthawi ngati imeneyi ngakhale amene wasiyiridwayo ali ndi mtima wabwino. Galu sadziwa kuti kuli Queens kapena Kamuzu Central, sadziwa kuti opaleshoni ndi chani, chomwe iye akuona nchakuti munthu amene amamutsegulira mmawa uliwonse wasowa, panyumba pangoti zii, nthawi yodyera yasintha, ndipo pabwera munthu wina amene akugwiragwira mbale yake. Akakhala galu wamantha kale, uja amabisala kukamagunda mabingu kapena amangotsatira mwini wake paliponse, nde zimamusokoneza koopsa. Chachikulu chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, musalimbane nkumusangalatsa kapena kumuphunzitsa moyo watsopano, ingosungani moyo wake wakale mmene unalili, nthawi yomweyo, malo omwewo, chakudya chomwecho, kwinaku mukumuyang'anitsitsa kuti mudziwe ngati ndi kupukwa chabe kapena pali matenda.

Funsani lero lomwe, musadikire vuto

Odwalawo musawavutitse ndi mafoni, funsani gadiyani, mwana wapanyumbapo kapena wantchito ngati alipo, pa WhatsApp pomwe. Amadya chani ndipo nthawi yanji, kamodzi kapena kawiri patsiku. Amagona pati. Masana amatsekeredwa mkhola nkumasulidwa usiku monga amachitira agalu ambiri a mtauni, kapena amangoyenda momasuka. Amamulankhula chilankhulo chanji, poti galu wozolowera "bwera" ndi "khala" mukamuuza mawu ena angokuyang'anani. Analumapo munthu? Funso ili musachite nalo manyazi, mwini galu wanzeru sangakhumudwe nalo. Katemera wa chiwewe anabayitsa liti ndipo kadi yake ili pati. Pali mankhwala omwe akumwa? Nkhani ya ndalama nayo mukambiranetu, kuti chakudya chikatha kapena pakafunika a vetenale alipira ndani, chifukwa banja lomwe lili ndi wodwala ndalama zonse zimakhala zikuthera kuchipatala, ndipo uneba umaonongeka ndi tinthu tosakambirana ngati timeneti.

Mupemphenso chovala chimodzi cha mwini wakeyo chosachapa, tisheti yakale kapena chitenje chomwe ankavala kunyumba asanapite, chisakhale chochokera ku wodi ayi. Muchiike pomwe galu amagona. Galu amadziwa dziko ndi mphuno kuposa maso, fungo la munthu wake limamukhazika mtima pansi. Musankhe chomwe sangadandaule nacho chikang'ambidwa, ndipo mukaona kuti akuchitafuna nkumameza nsalu muchichotse, nsalu imatseka matumbo.

Kumutengera kwanu kapena kumusiya pomwepo

Ambiri amaganiza kuti kumutengera kwawo ndiye chikondi, kuti asakhale yekha. Ine ndimati ngati nkotheka musiyeni pakhomo pake, inuyo muziyenda kupita kwa iye mmawa ndi madzulo, kapena papezeke mnyamata wapachibale wogona panyumbapo, zomwe zimathandizanso pa nkhani ya akuba. Galu wamantha akataya munthu wake nkutayanso malo ake sabata yomweyo zimamulemera pawiri, ndipo agalu otere ndi amene amadumpha mpanda kufuna kubwerera kwawo nkukagundidwa pamsewu. Ngati palibe kuchitira mwina, mwina ndi nyumba ya lendi ndipo a landilodi akana, tengani zonse, mbale yake, thumba kapena bulangeti lomwe amagonapo, chakudya chake, ndipo masiku oyamba musamusakanize ndi agalu anu. Akumane kaye kunja kwa mpanda aliyense ali pa chingwe, adye padera, agone padera.

Akukana kudya

Apa ndi pomwe mitima imakwera kwambiri. Galu wamkulu wathanzi akhoza kudumphitsa tsiku limodzi ngakhale awiri osadya chifukwa cha kupukwa, osachitika kanthu, bola akumwa madzi. Ndiye tsiku loyamba musatekeseke. Chomwe chimaononga nchakuti munthu amaima pomwepo kumuyang'anitsitsa, kumukankhira mbale kukamwa, kumuitana mobwerezabwereza, galu wamantha sangadye maso a mlendo ali pa iye. Ikani chakudya mu mbale yake yomwe ija, pamalo pomwe amadyera, nthawi yomwe anazolowera, kenako chokani musaoneke kwa mphindi 15 kapena 20. Akapanda kudya chotsani, makamaka nyengo yotentha ya Okotobala ndi Novembala pomwe nsima yamsuzi imasasa msanga nkudzaza ntchentche, mudzayesenso nthawi ina yodyera.

Kachiwiri kakakanika muonjezere fungo. Tenthetsani pang'ono chakudyacho chingofunda, thirani msuzi wa nyama kapena nkhuku yowiritsa m'madzi okha, kapena usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, kapena dzira lowiritsa. Chakudya chenicheni chikhale chomwe chija anazolowera, ngati ndi nsima ya mgaiwa kapena ya gaga ikhale yomweyo, ngati ndi cha mmathumba cha kusitolo chikhale chomwecho, mukasintha zonse tsiku limodzi mumutsegula mmimba nkuyamba vuto lina pamwamba pa loyambali. Agalu ena amantha amadya usiku wokha pomwe kwati zii, ndiye ikani pang'ono musanachoke madzulo mudzaone mmawa. Ngati panyumbapo pali agalu awiri kapena atatu onetsetsani kuti mbale yopanda kanthu ija wadya ndi iyeyo, nthawi zambiri wamphamvu amadya zonse inu nkumaganiza kuti zinthu zili bwino.

Ndiwo zathu zotsala musamupatse ngakhale mumumvere chisoni bwanji. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi a galu, zophika kapena zosaphika chimodzimodzi. Mafupa ophika makamaka a nkhuku amasweka mosongoka nkubaya pakhosi kapena mmatumbo. Chokoleti ndi mphesa, zouma zomwe, ndi poizoni kwa galu, auzeni ana.

Madzi ndi ofunika kuposa nsima. Galu amamwa pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wa makilogalamu 15 amamwa pafupifupi lita imodzi, kukatentha kuposa pamenepo. Ikani beseni pamthunzi, lembani kachizindikiro pomwe madzi alekeza kuti muzidziwa ngati akutsika, ndipo likhale lolemera losagubuduzika chifukwa galu woyendayenda ndi nkhawa amaligwetsa. Akatha tsiku lathunthu osamwa, kapena masiku awiri athunthu osadya kanthu, lekani kuyesa zapakhomo, funani a vetenale. Akakhala kamwana ka galu, galu wokalamba, waikazi woyamwitsa kapena amene ali pa mankhwala, musadikire masiku awiriwo, tsiku limodzi lakwana.

Kodi ndi kupukwa kapena wadwala

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna muwerenge kawiri, chifukwa galu amatha kufa anthu akuti akungowasowa abwana ake. Galu wopukwa amakana chakudya inde, koma geti ikalira amadzuka, galimoto ikadutsa amauwa, amayenda bwinobwino, maso ali gwa. Galu wodwala amangogona, chilichonse chichitike alibe nacho ntchito, akadzuka amayenda mofooka kapena modzandira.

Yang'anani nkhama zake. Ngati amakulolani kumugwira tukulani mlomo pang'ono, ngati sakulolani dikirani pomwe akupuma wefuwefu kapena kuyasamula muone. Nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira, za pinki, zonyowa. Zikakhala zoyera kapena zachikasu, makamaka ngati mkodzo wake ndi wofiira kapena woderapo kwambiri, thupi latentha ndipo mmakutu kapena pakati pa zala muli nkhupakupa, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhupakupa omwe amaononga magazi, ndipo amapha pa masiku ochepa akachedweredwa. Amachizika bwino akafika msanga kwa dokotala wa ziweto. Mphuno youma kapena yonyowa isakunamizeni, siuza zambiri.

Kamwana ka galu kosabayitsa katemera kakayamba kusanza ndi kutsegula mmimba zamagazi zonunkha kwambiri, ganizirani parvo, matenda oopsa opatsirana a agalu, musakagoneke usiku wina pakhomo, ndipo kasayandikire agalu ena.

Kenako pali nkhani ya poizoni. Nyumba yomwe eni ake ali kuchipatala imadziwika msanga mdera, ndipo akuba amayamba ndi galu, amaponya nyama kapena mandasi othira tameki kudzera pampanda. Mmawa uliwonse musanamumasule zungulirani mpanda wonse muone ngati pagwa kanthu kachilendo. Galu wodya tameki amatuluka dovu lambiri, kunjenjemera, kusanza, kudziipitsira, kugwa nkumaphupha, ndipo zimayamba pa mphindi zochepa chabe. Thamangani naye kwa a vetenale nthawi yomweyo mukuimba foni panjira. Kumuthira mkaka kapena mafuta ophikira kukamwa mokakamiza sikuchotsa poizoni, ndipo galu amene akuphupha zimatha kumulowa mmapapo.

Chiwewe nacho tisachiiwale chifukwa mMalawi muno chilipo, ndipo poyamba chimaoneka ngati kungosintha khalidwe, zomwe munthu angazisokoneze ndi nkhawa. Galu akayamba kuluma chilichonse, mitengo, miyala, tcheni, dovu lili chuchuchu, chibwano chalendewera, akulephera kumeza, mawu asintha, akuyenda mopepesuka, musamugwire, ndipo chonde musalowetse dzanja kukamwa poganiza kuti fupa lamutsamwa. Mutsekereni pomwe aliri, chotsani ana, imbani foni. Akakulumani kapena kukukandani, galu aliyense, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti mwalumidwa ndi galu, musadikire kuti muone kaye. Galuyo asungidwe motsekera kwa masiku 10 akuonedwa ndi a vetenale. Nchifukwa chake ndinati funsani za kadi ya katemera. Ku Blantyre a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu katemera waulere kuyambira 2015, ndiye agalu ambiri a kumeneko ali ndi makadi, ingofunsani pomwe anaisunga. Pofuna thandizo, ku Lilongwe kuli a LSPCA, ku Blantyre kuli a BSPCA, onsewa ndi mabungwe osamalira ziweto, kwina konse yambirani ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu mufunse a zaziweto. Nambala yawo isungeni mufoni lero, galu asanadwale.

Kulira usiku

Ambirife tinakula tikumva kuti galu akamalira mokuwa usiku ndi malodza, kukubwera maliro. Ndiye taganizani mwini wake ali pa bedi kuchipatala, galu nkumalira chonchi usiku wonse, achibale mitima imasweka, ena amafika pomugenda kapena kumumenya kuti asiye kulodza, ena mpaka kunena kuti achotsedwe. Ndikumvetsa mantha amenewa, munthu ukakhala ndi wodwala chilichonse chimakuopsa. Koma galuyo akuitana munthu wake, ndi mmene agalu amaitanirana akasiyana, angalire chimodzimodzi mwini wakeyo atapita ku ukwati ku Mzuzu kwa sabata. Kulira kwake sikukuuzani kalikonse za mmene wodwala alili, za wodwala funsani gadiyani. Kumumenya kumangoonjezera mantha omwe akumuliritsawo, mawa lake alira kwambiri ndipo inu sadzakukhulupiriraninso.

Chomwe chimathandiza ndi kumutopetsa dzuwa lisanalowe. Ngati amalola chingwe yendani naye theka la ola, pang'onopang'ono, musamukoke, mulekeni anunkhize paliponse pomwe akufuna, kununkhiza kumamutsitsa mtima kuposa kuthamanga. Ngati salola chingwe khalani naye mumpanda momwemo, mwazani tizidutswa ta chakudya pa udzu azifufuza. Kenako adye, kenako akagone pafupi ndi pomwe pali munthu, pakhonde kapena pafupi ndi zenera la amene akugona panyumbapo, chovala chija chili pambali pake. Wailesi yotsitsa mawu imathandiza agalu ena makamaka ngati mwini wake ankakonda kumvera. Akayamba kulira musakuwe pazenera, kwa iye ndiye kuti mwamuyankha. Mukhoza kutuluka nkukhala naye chete kwa kanthawi, kumutonthoza galu wamantha sikumuononga ayi, bola inuyo mukhale odekha. Ndipo ma neba auzeniretu masana, "pepani galu wa a uje azilira masiku angapo, eni ake ali mchipatala", munthu wodziwa chifukwa amapirira, wosadziwa amaponya mwala kapena choipa kuposa mwala.

Ikakhala nyengo ya mvula ya mabingu, kapena masiku a Khirisimasi ndi Nyuwere pomwe ana amaphulitsa makombola, mulowetseni malo otsekeka kusanade, mu sitolo ya panyumba, mgalaja kapena mkhola lolimba, chifukwa usiku wotero ndi pomwe agalu amantha amathyola mpanda.

Akudzuma, sakufuna muyandikire

Kudzuma ndi chenjezo, galu akukuuzani kuti akuopa ndipo mutalikire. Musamulange chifukwa chodzuma, galu amene waphunzitsidwa kuti kudzuma nkolakwa amadzangoluma osachenjeza. Asanafike podzuma amakhala ataonetsa kale zambiri, kuyasamula pomwe alibe tulo, kunyambita milomo, makutu kugwera kumbuyo, mchira kulowa pakati pa miyendo, kutembenuza mutu koma diso lili pa inu mbali yoyera ikuoneka, thupi kuuma gwa. Mukaona zimenezi bwererani pambuyo pang'ono.

Musamuyendere molunjika maso ndi maso, musamuweramire, musatambasule dzanja pamwamba pa mutu wake, ndipo musamutsekereze pakona kapena kulowetsa mutu mkhola mwake. Khalani pansi chapatali mutamulozetsa mbali, muziyang'ana kwina, ponyani kachidutswa ka chakudya kagwere kumbuyo kwake kuti asakakamizike kubwera kwa inu, kenako dzukani muzipita. Kangapo patsiku, mphindi zochepa. Tsiku lina mudzangoona wabwera yekha kudzanunkhiza nsapato, pamenepo musafulumire kumugwira, mulekeni anunkhize amalize. Mukadzayamba kumusisita yambirani pachifuwa kapena pambali pa khosi. Omusamalira akhale munthu mmodzi kapena awiri omwewo, asamasinthesinthe, ndipo ana musawatume kukaika chakudya okha ngakhale atakhala kuti galuyo amawadziwa, galu wankhawa sakhala mmene amakhalira masiku onse. Ngati ndi waukali kwenikweni, makamaka agalu akuluakulu olondera kapena waikazi amene ali ndi ana, musadzikakamize kulowa, dutsitsani chakudya ndi madzi pansi pa geti kapena pa waya wa khola, mufufuze munthu amene galuyo amamudziwa bwino monga mlonda kapena wosamalira maluwa, kapena mupemphe a vetenale abwere.

Kuthawa, kukumba pansi pa mpanda, ndi nkhani ya tcheni

Lero lomwe mujambuleni chithunzi, ndipo lembani nambala yanu ya foni pa kolala yake ndi cholembera chosafufutika. Yenderani mpanda muone pomwe wayamba kukumba mutsekepo ndi njerwa kapena miyala. Agalu ambiri sathawira pa mpanda, amathawira pageti pomwe wina akulowa, ndiye aliyense wolowa panyumbapo adziwe kuti geti itsekedwe kaye asanachite china chilichonse.

Akathawa musamuthamangitse, athawiratu. Ngati munamusamutsa yambani kukayang'ana kwawo. Kenako njira zomwe mwini wake amayenda, kusiteji ya minibasi, kugolosale, kutchalitchi. Siyani chovala chija ndi madzi pageti, tumizani chithunzi mu gulupu ya mdera, uzani alonda ndi akabaza poti amaona zambiri. Mmawa kwambiri ndi madzulo ndi nthawi yomwe galu wobisala amatuluka. Mukamuona khalani pansi, muitaneni modekha ndi chakudya.

Tcheni anthu amaiona ngati yankho lachangu koma ndi yoopsa kwa galu amene akufuna kuthawa. Mukamumanga pafupi ndi mpanda amadumpha nkulendewera mbali inayo, akhoza kufa pa mphindi zochepa. Amadzikulunganso pamtengo nkulephera kufika pamadzi dzuwa lili pamutu. Ngati palibiretu njira ina, mumange kutali ndi mpanda ndi china chilichonse chokwerapo, pamthunzi wa tsiku lonse, ndi kolala yeniyeni yomwe zala ziwiri zikulowa, waya kapena chingwe chothina chikakokedwa ayi, ndipo muzimumasula kangapo patsiku. Galu womangidwa tsiku lonse nkhawa zimakula, ukali nawo umakula.

Kukodza mnyumba ndi kutafuna zinthu

Galu amene sankachita zimenezi akayamba kukodza mnyumba, kukanda chitseko kapena kutafuna nsapato za mwini wake, ndi nkhawa yomweyo, sikuti akubwezera. Kolopani bwino ndi sopo fungo lichoke, chotsani nsapato, mawaya a magetsi ndi mankhwala a makoswe pomwe angafike, muzimutulutsa pafupipafupi. Kumukhudzitsa mphuno pa mkodzo sikumuphunzitsa kanthu. Akamakodza pang'onopang'ono kambirimbiri, movutikira kapena ndi magazi, amenewo ndi matenda.

Mankhwala a anthu

Chonde musamupatse Panado, Brufen, Indocid kapena diclofenac poti akuoneka ngati akumva kupweteka. Brufen ndi anzake amachititsa zilonda mmimba nkuononga impso za galu, Panado wopitirira muyezo amaononga chiwindi ndi magazi, ndipo muyezo wa munthu si wa galu. Mapilitsi ogonetsa a munthu wina, kapena mowa kuti agone, ayi ndithu. Mankhwala ochepetsa mantha a agalu alipo, koma amalemba ndi dokotala wa ziweto atamuyeza ndi kudziwa kulemera kwake. Ngati padutsa sabata galu akadali kudzivulaza, kuluma khola mpaka kukamwa kutuluka magazi, kudzinyambita mwendo mpaka chilonda, osagona, pitani mukafunse zimenezo.

Mawu a mwini wake pa foni

Ena amapempha wodwala ajambule mawu kuti galu amve. Yesani kamodzi muone. Agalu ena amakhazikika, ena amadzuka nkuyamba kufufuza nyumba yonse akulira poti amva mawu koma munthu sakumupeza, ikatero musabwerezenso. Chomwe ndaona kuti chimathandiza kwambiri ndi mbali inayo, kutumizira wodwala chithunzi cha galu wake akudya kapena atagona bwino, munthu amene ali pa bedi amadandaula za kunyumba kuposa mmene amanenera. Galu akadwala zenizeni uzani gadiyani zoona zake, iye aone nthawi yabwino youzira wodwalayo.

Akatuluka mchipatala, kapena zikatenga nthawi yaitali

Tsiku lotuluka galu akhale pa chingwe kapena motsekera mpaka wodwala atalowa nkukhala pampando, chifukwa chisangalalo chake nkudumphira pamimba pomwe pali ulusi wa opaleshoni, kapena kugwetsa munthu amene miyendo ikadali yofooka. Mubwere naye pang'onopang'ono inu mutagwira chingwe, ndipo asanyambite bala kapena bandeji. Agalu ena amayamba anunkhiza mokayikira poti munthu wabwera ndi fungo la mankhwala, zimatha pakanthawi kochepa, auzeni eni ake asakhumudwe. Ntchito yanu isathere pamenepo, sabata yoyamba kapena ziwiri pitirizani kumuyendetsa ndi kunyamula madzi ake, munthu wongotuluka kumene sangalimbane ndi galu wokoka chingwe.

Zikaoneka kuti matenda atenga miyezi, mwina wodwala watumizidwa chipatala china chakutali kapena akatuluka akakhala kumudzi kwa achibale, musangopirira chamumtima mpaka kutopa nkuyamba kudumphitsa masiku. Khalani pansi ndi banjalo mugwirizane amene amutenge galuyo, ndipo mwini wake ngati angathe kulankhula afunsidwe, ndi galu wake. Amene amutengeyo ayambe kubwera kudzamudyetsa kwa masiku angapo galu asanasamuke, pochoka atenge mbale, pogona pake ndi kadi ya katemera, ndipo kumalo atsopanoko akhale motsekeka bwino masabata awiri oyamba. Ngati pachibale palibe amene angathe, funsani a LSPCA kapena a BSPCA ngati angathandize kumupezera khomo lina, musamutsegulire geti kuti adzionere yekha.